Mmene mungazindikirire ndalama ya mkuwa ya FEL TEMP REPARATIO

Musanaitsuke, iyezeni kaye. Ndalama zimenezi zinayamba kusulidwa mu 348, Constantius II ndi m'bale wake Constans akulamulira Ufumu wa Roma. Zoyambirira zimakula mamilimita 21 mpaka 24 ndipo zimalemera magalamu pafupifupi 5. Cha m'ma 354 zinachepa kufika pa mamilimita 17 kapena 18 ndi magalamu pafupifupi 2.5.

Yambani ndi kumbuyo kwake, nyali ikuwalira cham'mbali kuti zithunzi zituluke. Chofala kwambiri ndi cha msilikali wonyamula chishango akulasa ndi mkondo mdani amene wagwa ndi hatchi yake. Mawu a Chilatini ozungulirawo, FEL TEMP REPARATIO, amalonjeza kubwereranso kwa masiku abwino.

Kutsogolo n'kumene ambiri amaphonya, chifukwa dzina loti CONSTANTIVS lili pa ndalama za anthu awiri. Ngati kumutu kuli lamba wa ngale ndipo mawu akuthera pa P F AVG, ameneyo ndi Constantius II. Mutu wopanda chovala ndi mawu othera pa NOB C kapena NOB CAES ndi wa msuweni wake Constantius Gallus, amene anali Kaisara, kapena kuti wachiwiri kwa mfumu, kuyambira 351 mpaka 354. Zilembo zikafufutika, mutu wokhawo ukuuzani. Koma samalani, pakuti Julian, amene anakhala Kaisara pambuyo pa Gallus, nayenso savala kanthu kumutu. Kuti mumzindikire, funani zilembo IVL za dzina lake.

Pansi pa mapazi a msilikali pali chizindikiro cha mzinda umene inasulidwira: SIS ndi Siscia, ALE ndi Alexandria, CONS ndi Constantinople, SMN ndi Nicomedia. Chilembo choonjezera, monga A kapena B, chimatchula chipinda cha osula. Ikakhala yaing'ono kwambiri, zilembo zili zosokonekera, mwina ndi yotsanzira ya nthawi yomweyo, ndipo nayonso ndi yoyenera kusunga.

Dothi likaphimba zonsezi, iviikeni m'madzi a distilled (ochokera ku nthunzi, opanda mchere uliwonse), muziwasintha pakapita masiku angapo, mukupukuta ndi mswachi wofewa ndi kutokosa ndi kamtengo ka nsungwi. Zimatenga masabata. Viniga ndi mandimu ayi ndithu: asidi amadya khungu lobiriwira lolimba limene limakuta ndalamayo, lomwe nthawi zambiri ndilo lasunga nkhope ya mfumu.

Ufa wobiriwira motuwa umene ukuyoyoka ndi nkhani ina. Umenewo ndi mchere wa chloride ukudya mkuwa pakakhala chinyezi. Ipatuleni kwa zinzake, chotsani ufawo, iviikeni m'mankhwala a sodium sesquicarbonate a magalamu 5 pa mamililita 100 a madzi, itsukuluzeni, iume gwa, ndipo muisunge m'kaenvelopu ka pepala lopanda asidi, osati m'pulasitiki ya PVC.