Olemba ndemanga akachiyamikira chimbale chanu: ntchito yotsatira kwa gulu la indie folk

Chimbale chatuluka, olemba ndemanga achitamanda, mawailesi angapo akuchiwulutsa. Dziwani kuti chitamando chotere chimazizira msanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu atolankhani amakhala atatembenukira ku zimbale zina, ndipo ndemanga payokha sidzaza holo. Phindu lake n'lakuti okonza zoimbaimba amayamba kuyankha makalata anu, choncho alembereni dzina lanu likadali m'kamwa mwa anthu.

Musanalembere aliyense, konzani mapepala

Magulu ambiri a indie folk, oimba nyimbo za folk modziimira paokha, amapeka nyimbo atakhala bwalo, wina kuponya mawu, wina kamzere ka banjo, wina kusintha kolasi. Pamene kunalibe ndalama palibe ankafunsa kuti nyimboyo ndi ya yani. Tsopano funsolo libwera, ndipo likabwera ndalama zili kale patebulo limaphwasula gulu. Pa nyimbo iliyonse lembani pepala limodzi, lomwe amati split sheet: mutu wa nyimbo, mayina enieni a opeka, gawo la aliyense m'maperesenti okwana 100, ndipo onse asaine.

Siyanitsani zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Pali umwini wa nyimbo yopekedwayo, ndiye kuti mawu ndi maimbidwe ake, ndipo pali umwini wa chimene munajambula mu situdiyo, chotchedwa master. Woimba vayolini amene munamuitana tsiku limodzi sakhala wopeka nyimbo, koma mulembane naye kuti mwamulipira ndiponso kuti akuloleza kugwiritsa ntchito zimene anaimba. Kenako lembetsani nyimbozo ku bungwe lotolera ndalama za opeka m'dziko lanu, monga zilili PRS for Music ku Britain kapena ASCAP ndi BMI ku America. Nyimbo yosalembetsedwa ikhoza kumveka pa wailesi chaka chonse inu osalandira kanthu.

Oimba folk ali ndi msampha wawowawo: nyimbo zakale zimene aliyense amaziyesa zopanda mwini. Zina n'zopandadi mwini, ndipo mumalembetsa kakonzedwe kanu kokha. Koma zambiri zomveka ngati zamakedzana zinapekedwa ndi munthu wodziwika, ndipo m'maiko ngati Britain umwini umapitirira zaka 70 wopekayo atamwalira. Fufuzani musanajambule.

Tsamba limodzi lokudziwitsani

Wokonza zoimbaimba amalandira makalata ochuluka, sangawerenge mbiri yanu kuyambira muli ana. M'patseni tsamba limodzi: ndime yaifupi yonena za gulu, ziganizo zitatu zokha zochokera m'ndemanga zija pamodzi ndi dzina la nyuzipepala kapena wailesi, zithunzi ziwiri zooneka bwino, ndi vidiyo ya nyimbo imodzi yoimbidwa pamaso pa anthu, yosadulidwadulidwa. Vidiyoyo ndiyo amakhulupirira, chifukwa mu situdiyo mawu okhota amawongoledwa. Podula mawu a ndemanga musachotse "koma" amene wolembayo anaikapo kuti chiganizo chioneke chokoma kuposa mmene chinalili. Olemba ndemanga amaona, ndipo sadzakulembaninso.

Kusankha koimba

Tsegulani Spotify for Artists, tsamba la oimba pa Spotify, muone mizinda imene kuli okumverani ambiri, muyerekeze ndi kumene ogula pa Bandcamp, tsamba logulitsirapo nyimbo pa intaneti, akuchokera. Ulendo ukonzedwe motsatira zimenezo, osati motsatira kumene mumalakalaka kukafika. Ndipo tengani chipinda chaching'ono kuposa chimene mtima ukufuna. Anthu 90 m'chipinda cha anthu 100 ndi usiku wopambana ndipo mwini malo adzakuitananinso. Anthu omwewo m'holo ya 400 amaoneka ngati mwagwa nayo.

Funsitsani za malipiro ndipo zilembedwe. Pali ndalama yokhazikika imene mumalandira kaya anthu abwere kapena ayi, ndipo pali kugawana za pakhomo. Akati mutenga maperesenti 70, funsani kuti a chiyani: a ndalama zonse za matikiti, kapena a zotsala atachotsa za woyendetsa zokuzira mawu, alonda ndi zolengeza? Apa ndi pamene magulu atsopano amabwerera kwawo chimanjamanja. Funsaninso ngati malowo amadula kanthu pa zimbale ndi matisheti amene mugulitse.

Pakati pa mzinda ndi mzinda yesetsani kuti ulendo wa pagalimoto usapitirire maola anayi kapena asanu, ndipo mukaimba masiku anayi otsatizana pumani limodzi. Nyimbo zanu zimadalira mawu atatu kapena anayi olukana bwino, ndiye mmodzi akasasa mawu zonse zimapendekeka. Zikondwerero zazikulu monga Newport Folk Festival, yomwe inayamba mu 1959, ndi Cambridge Folk Festival ya mu 1965, zimasankha oimba kudakali miyezi yambiri, choncho ndemanga za lero zikugwirirani ntchito ya chaka chamawa.

Zimene zimalakwika pa siteji

Tumizirani malo alionse mapepala awiri kudakali sabata ziwiri: chojambula chosonyeza pamene aliyense amaima, ndi mndandanda wa zolumikiza. Lembani momveka, mwachitsanzo 1 gitala pa DI box (kabokosi kolumikizira chida choimbira ku mikisa), 2 banjo pa maikolofoni, 3 vayolini pa kamaikolofoni kopanira kofuna magetsi a 48V, 4 bezi, 5 mpaka 7 mawu. Mukasintha oimba, sinthaninso pepalalo. Woyendetsa zokuzira mawu amakonza zimene analandira.

Vuto lofala ndi kulira kwa zokuzira mawu kuja kotchedwa feedback. Thupi la gitala wosagwiritsa magetsi ndi bokosi lopangidwira kunjenjemera, ndiye sipika yapansi imene mukudzimvera ikaloza kubowo kwake, gitalayo amatola mawu ake omwe n'kuwabwezeranso, mpaka kuyamba kulira ngati njuchi m'mtsuko. Choyamba tsitsani sipikayo. Chachiwiri tsekani bowo ndi chivundikiro cha labala chopangidwira zimenezi. Ngati preamp yanu, kachipangizo kokweza mawu a gitala asanafike ku mikisa, ili ndi batani la phase lidineni, ndipo ngati ili ndi kozungulizira kotchedwa notch zungulizani pang'onopang'ono mpaka kulirako kuzimirire. Kukweza mawu kuti mupambane phokosolo kumangoonjezera moto.

Gitala akamveka wopyapyala ngati chitini, kawirikawiri vuto ndi pickup ya piezo, kachipangizo kotola mawu a gitala, yolumikizidwa molunjika ku mikisa. Imafuna cholandira cha impedance yokwera, 1 megaohm kapena kuposa, choncho yendani ndi DI box kapena preamp yanuyanu. Akayamba kuthetheka pakati pa nyimbo, ganizirani kaye batire la 9V; lisintheni musananyamuke ndipo mukhale ndi lina m'thumba. Amene mumakonda kuimba mozungulira maikolofoni imodzi, zimakoma m'chipinda chachete, koma masipika apansi azimitsidwe.

Zida zamatabwa zimafuna chinyezi cha maperesenti 45 mpaka 55. Zikasiyidwa m'galimoto yotentha guluu amafewa ndipo chogwirira zingwe chimatukuka. Mpweya ukauma kwambiri thabwa la pamwamba limang'aluka. Ngati pa nyimbo zina mumatchuna zingwe mosiyana ndi nthawi zonse, monga mwa DADGAD, khalani ndi gitala wachiwiri kapena ziikeni motsatizana, anthu asamakuonereni mukupotokola zingwe kwa mphindi zitatu.

Nyimbo yotsatira

Musathamangire chimbale chachiwiri pofuna kusangalatsa okutamandani. Nyimbo imodzi yatsopano yotuluka ulendo usanayambe ndi yokwanira kupatsa atolankhani chifukwa cholemberanso. Itumizeni kwa okugawirani nyimbo, kaya ndi DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, kudakali sabata zinayi. Spotify imafuna kuti muipereke kwa osankha nyimbo zolowa m'mindandanda yake masiku 7 kapena kuposa isanatuluke, ndipo ikangotuluka mwayiwo watha. Sungani nambala yake ya ISRC, yozindikiritsa chimene munajambulacho, ya zilembo ndi manambala 12. Nyimboyo ikadzalowa m'chimbale gwiritsani nambala yomweyo ndi fayilo yomweyo kuti chiwerengero cha oimvera chisayambirenso pa ziro.

Uzani wokonza master, amene amasalaza mawu komaliza nyimbo isanatuluke, kuti asaifinye pofuna kuti imveke mokweza. Spotify imalinganiza kukwera kwa mawu a nyimbo zonse pa muyezo wa -14 LUFS, ndiye nyimbo yofinyidwa imangotsitsidwa, itataya kale kusiyana kwa ponong'ona ndi pofuula, komwe mwina n'kumene olemba ndemanga aja anakonda. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2024 nyimbo imayenera kumveredwa ka 1,000 m'miyezi 12 kuti iyambe kubweretsa ndalama pa Spotify. Kwa gulu laling'ono Bandcamp imapindulitsa msanga: imatenga maperesenti 15 pa nyimbo zotsitsa ndi 10 pa katundu wogwirika.

Okonda folk amagula mbale za vinyl, koma kupanga kwake kumatenga miyezi. Mbali imodzi ya mbale ya mainchesi 12 isapitirire kwambiri mphindi 20, apo ayi mawu amatsika. Nyimbo zodekha ziikeni kumapeto kwa mbali, popeza chakumkati singano imalephera kutulutsa bwino mawu okweza ndi akuthwa. Musalengeze tsiku logulitsa musanamvere mbale zoyeserera n'kuzivomereza.

Kampani yojambulitsa ikabwera ndi mgwirizano, funsani zinthu zitatu: kodi ikugula master kapena ikungobwereka kwa zaka zowerengeka, ndalama imene ikupatseni poyamba idzabwezedwa kuchokera ku chiyani, ndipo ikumangani pa zimbale zingati. Pepalalo lipite kwa loya wodziwa za nyimbo amene sakugwirira ntchito kampaniyo, ndipo aliyense m'gulu aliwerenge yekha asanasaine.