Momwe mungaphunzitsire anzanu kuyeza matope mu mtsinje wa Jukskei

Mvula ya kuno ku Johannesburg siinyengerera. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi imagwa masana ndi mabingu, ndipo poti pansi ponse ndi phula ndi simenti, madzi alibe polowera. Amathamangira m'ngalande atanyamula mchenga wa pamalo omangapo nyumba, mapulasitiki ndi matewera, n'kukathira mu Jukskei, mtsinje wodutsa ku Alexandra womwe madzi ake amakathera ku damu la Hartbeespoort. Kuti mudziwe kuchuluka kwa matopewo simufunika makina. Anthu asanu odzipereka akwana.

Phunziro loyamba likhale la moyo wawo. Jukskei amadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula yagwera kutali, pamene inu pali dzuwa. Mu Disembala 2022 madzi anakokolola anthu opitirira khumi amene anali pa mapemphero mumtsinjewu. Choncho pasapezeke wolowa m'madzi, ndipo kukachita mdima kumtunda, aliyense abwerere. Muzipita m'mawa wa tsiku lotsatira mvula, awiriawiri, mutavala majombo ndi magolovesi.

Kenako aliyense apatsidwe malo ake amodzi, makamaka pamene ngalande ikuthira mumtsinje, ndipo asamasinthesinthe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: lero watunga pamlatho, mawa kumunsi, manambala ake n'kukhala opanda ntchito.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Mangirirani kachitini ku ndodo yaitali, tungani muli pamtunda, dzazani botolo loonekera mkati la malita 2. Lisiyeni pamalo athyathyathya tsiku lathunthu osaligwedeza. Mchenga umakhala pansi msanga, dothi lofewa limadikha pamwamba pake, ndiye yezani ndi lula kuti matopewo akwera mamilimita angati. Khomaninso chikhomo chachitsulo mita imodzi kuchokera m'mphepete mwa gombe. Mtunda wa pakati pa chikhomocho ndi m'mphepetemo ukamachepa mwezi ndi mwezi, ndiye kuti gombe likudyeka.

Zonse zilembedwe mu kope limodzi: tsiku, nthawi, malo, mtundu wa madzi ndi fungo lake. Jambulani chithunzi mutaima pomwepo nthawi zonse, n'kuponya pa gulu la WhatsApp.

Ngalande yotsekeka kanenezeni ku Johannesburg Roads Agency, bungwe la mzindawu loona za misewu ndi ngalande. Madzi otuwa onunkha chimbudzi si a mvula ayi, imeneyo ndi suweji, nkhani ya Johannesburg Water, bungwe loona za madzi ndi suweji mumzindawu. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu, ndipo nambalayo ilowenso mu kope lomwe lija.