Malangizo osankhira cage, visor ndi gum guard kwa akulu osewera hockey ya pa ayisi

Awa ndi malangizo amene amabwera mu katoni ya cage (chotchinga kumaso cha mawaya) ndi gum guard (kapulasitiki kovala m'kamwa koteteza mano) komanso zolembedwa pa mastika a chisoti, ndawaika mu Chinyanja chifukwa cha abale athu a ku Zambia okhala kuno ku Harare amene ayamba kulowa timatimu ta madzulo akapita ku Johannesburg kapena ku bwalo la ayisi la GrandWest ku Cape Town, ndi ena amene akukonzeka kupita ku Canada ndi ku UK kukagwira ntchito, kumene anzawo a ku ofesi sachedwa kuwakokera ku ayisi. Kapepala kameneka ambiri mumangotaya pamodzi ndi pulasitiki. Ndikunena hockey ya pa ayisi, osati ya pa udzu ija imene azimayi a Zimbabwe anatenga nayo golide ku Moscow mu 1980, zida zake nzosiyana ndipo musazisakanize.

Choyamba dziwani chimene mukudziteteza nacho. Puck ndi labala wolimba ngati wa tayala la lole, mulifupi 76 mm, kuchindikala 25 mm, kulemera kwake pakati pa magalamu 156 ndi 170, ndiye pa magemu akuluakulu amayamba aiika mu firiji kuti isamadumphedumphe. Katswiri wina wa masewerawa, Zdeno Chara, anaimenyapo pa liwiro la makilomita 175 pa ola mu 2012. Anzanu a timu ya madzulo safika pamenepo, koma musasangalale, chimene chimavulaza anthu mu timu za akulu ongosewera kuchotsa mafuta si mphamvu ayi, ndi kusadziwa. Munthu wayamba skating chaka chino, akuterereka ndodo ili m'mwamba manja akupalasa mphepo, kapena puck yagunda ndodo ya wina nkukwera molunjika kumaso kwanu inu mukuyang'ana kwina. Palibe amene anafuna kukuvulazani koma dzino lapita.

Chisoti chiyambe chakhala bwino chifukwa cage ndi visor (pulasitiki yotchinga maso) zonse zimamangidwa pa icho. Tengani tepi ya atelala muyeze mutu mozungulira, pamwamba pa nsidze pang'ono, nambalayo muyerekeze ndi tchati cha kampani imene mukugulayo, medium ya Bauer si medium ya CCM kapena Warrior nthawi zonse. Mukavala, kutsogolo kwa chisoti kukhale chala chimodzi pamwamba pa nsidze, osati chopendekera kunkhongo, ndipo mukapukusa mutu lamba musanamange chisagwedere. Lamba wa pansi pa chibwano mukamanga pazilowa chala chimodzi chabe. Kumbuyo yang'anani stika yosonyeza kuti chisoticho chinayesedwa nkuvomerezedwa, ya CSA ndi ya ku Canada, ya HECC ndi ya ku America, ku Europe mudzaona CE. Ya HECC imakhala ndi deti yothera, zaka 6 ndi theka kuchokera pamene chisoticho chinapangidwa, deti ikadutsa maligi otsatira lamulo limeneli sachilola. Stika musamatule.

CHENJEZO. Chisoti cha njinga yamoto, cha cricket, cha ku mgodi chimene amalume anabwera nacho ku Kitwe, zonsezi ayi. Chigoba cha kumaso chimene a hockey ya pa udzu amavala pa penalty corner nachonso ayi. Ndiye ife timakonda salaula, ndikudziwa, ku msika wa Mupedzanhamo munthu umapeza chinthu chabwino pa mtengo wa tomato, magolovesi ndi kabudula wa hockey mukawapeza a salaula tengani palibe vuto, koma chisoti chimene simukudziwa kuti chinagundidwa kangati chisiyeni, siponji ya mkati imauma ndi zaka ndipo mng'alu wina suoneka ndi maso.

Manje zotchinga kumaso zilipo mitundu inayi. Pali visor ya hafu, pulasitiki yoonekera ya polycarbonate yochokera pa chipumi kufika cha kunsonga ya mphuno. Pali cage, ya mawaya achitsulo yophimba nkhope yonse mpaka pachibwano. Pali shield yathunthu ya pulasitiki nkhope yonse yokhala ndi timabowo topumira mmunsi, ndi ina yosakaniza, kumtunda pulasitiki kumunsi cage.

Visor ya hafu ndi imene aliyense amafuna chifukwa ndi imene amaona pa TV, ndiye apa ndichedwepo pang'ono. Opanga amalemba okha kuti visor imateteza maso ndi kumtunda kwa nkhope basi, mano, milomo, nsagwada ndi chibwano zili pamtunda, komanso ndodo ikhoza kulowera pansi pa visor nkufika kudiso. NHL yeniyeniyo, ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, inachedwa maningi pa nkhani zimenezi, chisoti anachikakamiza mu 1979 kwa osewera atsopano okha ndipo Craig MacTavish anasewerabe mutu uli pamtunda mpaka 1997. Bryan Berard ndodo inamuwononga diso mu 2000, Marc Staal puck inamumenya padiso mu March 2013 alibe visor, ndipo chaka chomwecho ndi pamene anagwirizana kuti kuyambira sizoni ya 2013-14 aliyense amene sanakwanitse magemu 25 azivala visor. Anyamata amenewo amalipidwa, timu ili ndi dokotala wa mano wake, dzino likachoka Loweruka pofika Lolemba wina akulikonza kale osatulutsa ndalama m'thumba. Inu Lolemba muli ndi miting'i mu msewu wa Samora Machel, ndipo medical aid yanu mukuidziwa nokha pamene imathera ikafika pa mano. A IIHF, bungwe loyang'anira hockey ya pa ayisi padziko lonse, amalola amuna akulu kuvala visor, koma akazi ndi onse osafika zaka 18 amavala chophimba nkhope yonse. Kwa ine munthu wamkulu wongosewera kusangalala, makamaka amene akuphunzira kumene, atenge cage olo ija yosakaniza, nkhani ya visor adzaiganize mtsogolo ngati adzaifunebe. Funsaninso ligi yanu, ena salola visor ya hafu nkomwe.

Ngati mwakakamirabe visor ndiye muimange molunjika, m'mphepete mwake mufike kunsonga ya mphuno ndipo mpata pakati pa nkhope ndi visor ukhale wochepa. Ija yokweza m'mwamba kuti muziona pansi pake ndi chokongoletsa chabe. Ndipo gum guard apa ndiye musalowe pa ayisi mulibe.

Cage anthu amaidandaula kuti mawaya amatchinga maso, zoona tsiku loyamba mumawaona, koma maso amazolowera nkuyamba kuyang'ana kupyola mawayawo, bola waya wopingasa asakhale ndendende pa mzere wa maso anu. Simachita nthunzi, mpweya umalowa bwino, ndipo ovala magalasi a maso ambiri imawayanja. Ya titanium njopepuka kuposa ya chitsulo wamba koma mtengo wake ndi wina. Zina mkati anapaka zoyera kunja zakuda kuti mawaya asamaonekere kwambiri pa ayisi, zimenezo ndi kukonda kwa munthu. Shield yathunthu mumaona bwino kwambiri koma mkati mumatentha, imachita nthunzi mukakhala pa benchi mukupuma wefuwefu, ndipo ikayamba kukalika kuona kumachepa. Yosakaniza ili pakati.

Saizi ya cage imayendera kutalika kwa nkhope, osati kukula kwa mutu, ndiye musadabwe kuvala chisoti cha medium ndi cage ya large. Mu katoni muli mndandanda wa zisoti zimene cage imeneyo inayesedwa nazo, onani ngati chanu chilipo musanalipire, makamaka inu amene mumatuma munthu wa basi ya pa Roadport kuti akugulireni ku Joni, mtumizireni dzina ndi nambala ya chisoti pa WhatsApp chifukwa kubweza katundu kudutsa pa Beitbridge ndi nkhani ina.

Kumanga kwake nkosavuta koma musathamange. Kumtunda cage imakoleka pa timahinji tiwiri ta pachipumi, mangani masikuluwu osalimbitsa kaye. Mbali zonse ziwiri za chisoti cha pafupi ndi makutu pali tizitsulo kapena timapulasitiki topindika totchedwa J-clip, ntchito yake nkuimitsa cage kuti ikamenyedwa isakankhikire mkati. Valani chisoti, tsekani cage, kamwa ili yotseka ndi gum guard mkati, kachikho ka pachibwano kakhale pa chibwano penipeni, osati pa mlomo wa mmunsi komanso osati kulendewera pakhosi, ndipo nthawi yomweyo waya wa m'mbali akhale atalowa mu J-clip. Zikakumana choncho ndiye limbitsani masikuluwu, mangani malamba a m'mbali mofanana. Kenako yesani, ikani chikhatho pa cage mukankhe molimba kulozera kumaso, mphamvu imveke pa chisoti ndi pang'ono pachibwano, waya asakhudze mphuno. Ikakhudza mphuno saizi kapena ma J-clip zalakwika, yambaninso.

CHENJEZO. Osadula waya ngakhale mmodzi kuti muziona bwino, mipata ija anaiyeza kuti puck ndi nsonga ya ndodo zisalowe, mukadula chitetezo chatha ndipo stika ija ilibenso ntchito. Osaboola chisoti mabowo atsopano, osachipaka penti. Waya akapindika kapena kuthyoka pa joini musapite nayo kwa owotcherera ku Siyaso, olo akhale waluso bwanji, gulani ina. Dzimbiri likayamba m'majoini chimodzimodzi. A goli malangizo awa si anu, chigoba chanu ndi china.

Pulasitiki ya visor ndi shield tsukani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa, pukutani ndi kansalu kofewa ngati ka magalasi. Mankhwala otsukira mawindo, spirit, petulo, thinners, zonsezi zimadya utoto woteteza ndi kufooketsa pulasitiki. Osapukuta ndi jezi kapena golovesi pa benchi, ndi mmene mikwingwirima imayambira. Pali spray yoletsa nthunzi, pakani musanalowe. Mu chikwama chisoti chizikhala mu kathumba kake kuti ma skate asachikande.

Za gum guard. Ena amati ndili ndi cage ndiye ya chani, koma mukagwa chagada kapena kugunda chibwano pa bolodi mano a mmunsi amawombana ndi a mmwamba, lilime lili pakati, cage pamenepo sithandiza. Ilipo yongovala mmene yabwerera, yotchipa koma imagwa ndipo muyenera kuiluma nthawi yonse, kupuma ndi kuitana mnzanu kumavuta, ine sindiilimbikitsa. Ilipo yoviika m'madzi otentha, imeneyi kuno ku Harare simuvutika nayo, mashopu a zamasewera amagulitsa chifukwa cha rugby ndi hockey ya m'masukulu. Yabwino kuposa zonse ndi imene dokotala wa mano amapanga atayeza mano anu, imagwira yokha ndipo mumalankhula nayo bwino. Amene muli ndi mawaya owongola mano, bridge kapena crown, yambani mwafunsa dokotala, pali gum guard yake ya mawaya ndipo yoviika wamba ikhoza kukakamira. Mano ovula muziwavula musanasewere.

Yoviikayo muchite chonchi, wiritsani madzi, phulani, dikirani pang'ono asiye kubwata, ikani gum guard yonse imire kwa masekondi amene alembedwa pa paketi, musaonjezere chifukwa makampani amasiyana ndipo ikapitirira imafota. Vuulani ndi supuni, iviikeni m'madzi ozizira sekondi imodzi kapena ziwiri kuti isakuwotcheni nkhama, ikani ku mano a mmwamba muli pa galasi kuti ikhale pakati, lumani pang'onopang'ono osati mpaka kuboola, yamwani mpweya ndi madzi onse, lilime likankhe kumwamba, zala zikanikize pa milomo ndi masaya kunja, pafupifupi masekondi 30, kenako m'madzi ozizira kuti iume. Mukayasamula isagwe, ndipo kuichotsa kuzifuna chala. Ikamafika kukhosi nkumakuchititsani mseru dulani pang'ono kumapeto ndi sizasi. Mukatha kusewera tsukani ndi madzi ozizira ndi mswachi, iume, isungeni mu kabokosi ka mabowo. Osaisiya pa dashboard dzuwa la October lija, mudzapeza yapindika. Osaitafuna, osabwerekana, ikapyapyala kapena kung'ambika gulani ina.

Opanga onse amalemba mawu awa ndipo ndi oona, palibe chisoti, cage kapena gum guard imene ingaletse kuvulala konse, makamaka kugwedezeka kwa ubongo ndi kuvulala kwa khosi ndi msana. Mukagunda mutu nkuyamba kumva chizungulire, mutu kuwawa, kusanza kapena kusokonezeka, tulukani pa ayisi tsiku limenelo musabwererenso, kaonaneni ndi dokotala, ndipo musayendetse galimoto nokha.

Cage imathera pachibwano, khosi limatsala. Adam Johnson wa Nottingham Panthers anamwalira mu October 2023 skate itamucheka pakhosi pa gemu ku Sheffield, ndipo zitachitika zimenezo a IIHF analengeza kuti neck guard ikhale yokakamiza m'mipikisano yawo. Ndi kansalu kosachekeka kozinga khosi, pa zida zonse ndi kamodzi ka zotchipa, itanitsani pamodzi ndi cage.

Dzino likachoka lonse ndi muzu womwe, litoleni pogwira kumutu kwake osati kumuzu, osalikwecha, ngati lada litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka nkulibwezera pamalo pake, lumani kansalu koyera kuti likhazikike. Likakana kulowa liikeni mu kabotolo ka mkaka, osati m'madzi komanso osati mu tishu, ndipo mufike kwa dokotala wa mano ola lisanathe. Nambala ya dokotala amene amatsegula usiku pafupi ndi kumene mumasewera muifufuziretu nkuisunga mu foni, magemu a akulu ambiri amawaika usiku.