Thalakita yaing'ono ya petulo kapena ya dizilo: mafuta na ndalama zoiyendetsela

Poŵelengela ndalama, yambani na mita ya maola ili pa dashibodi. Thalakita saiyeza na makilomita monga motoka, amaiyeza na maola amene injini yalila. Ndiye mtengo wa lita pa pampu paokha sukuuzani zonse, muufanizile na malita amene apita pa ola limodzi.

Pa nchito yofanana, injini ya dizilo imamwa pafupifupi magawo 3 pa 4 a malita amene ya petulo imamwa. Thalakita ya mahosipawa (muyezo wa mphamvu ya injini) 25 pa PTO, ija shafuti ya kumbuyo yozungulitsa makina omangilila, ikakhala ya petulo ifuna malita 5 mpaka 6 pa ola, ya dizilo malita 4 na pang'ono cabe. Cifukwa cake lita ya dizilo ili na mphamvu yoculukilapo, komanso injini yake imapanikiza mpweya kwambili mpaka mafuta amayaka okha popanda mapulagi. Nambala izi ni za nchito yosakanikilana, polima nthaka yolimba zidzakwela.

Oilo wa injini sinthani pa maola 50 oyamba, pambuyo pake tsatilani buku la thalakita yanu. Ya dizilo imaloŵa oilo wambili ndipo mafyuluta ake ni odulako. Ya petulo ni yochipa pogula, mapulagi na kabuleta makanika aliyense akonza, koma ikaimikidwa miyezi na petulo mkati, petuloyo amauma n'kutseka kabuleta, ndiye cotsani mafuta musanaisunge.

Apa ndiye mumvetsetse bwino. Zonse zimene mwapulumutsa pa dizilo zingathe tsiku limodzi ngati madzi kapena dothi zaloŵa mu pampu ya dizilo ya pa injini na ma injector, tuzipangizo topopela mafuta mu injini, cifukwa zinthu izi sizikonzedwa pansi pa mtengo, zifuna makina ake ndipo ndalama zake n'zoŵaŵa. Kakapu ka pansi pa fyuluta kolekanitsa madzi kayang'aneni m'maŵa uliwonse musanalize injini, mukaona madzi pansi khuthulani. Dzazani thanki madzulo mukaŵeluka kuti mkati musacite mame. Dizilo wa m'dilamu muusiye akhazikike musanathile, ndipo osamatunga wa pansi peni-peni. Palafini osasakaniza ngakhale wina akuuzeni kuti iyenda bwino-bwino, iyendadi, koma palafini alibe mafuta okwanila otelelitsa pampu, imadyeka mkati inu osadziŵa. Mukathila petulo mu ya dizilo mwangozi, osaliza injini, khuthulani thanki yonse. Osalolanso thanki kuuma, mpweya ukaloŵa m'mapaipi injini siilila mpaka muucotse.

Pa nchito yopepuka monga kukoka ngolo, ikani giya yapamwamba n'kutsitsa moto, mafuta amacepa. Koma pa makina a PTO musatelo, shafuti ifunika izungulile maulendo 540 pa mphindi.

Ngati thalakita idzagwila maola ocepa pa caka, ya petulo ikukwanilani. Ngati ni ya tsiku na tsiku kapena yolimila anthu ena, tengani ya dizilo, ndipo sungani fyuluta ya mafuta imodzi yapadela.