Mmene Mungayesere UML ndi BPMN Musanasankhe Imodzi

Ku ofesi kwathu ku Braamfontein, mu Johannesburg, tinakangana sabata yathunthu: zofuna za kasitomala tizizijambula ndi activity diagram ya UML, kapena BPMN? Ziwirizi ndi njira zojambulira mmene ntchito imayendera, sitepe ndi sitepe, ndi mabokosi ndi mivi. UML inavomerezedwa ndi OMG, bungwe loika miyezo ya mapulogalamu a kompyuta, mu 1997, BPMN 2.0 inatuluka mu 2011, zonse n'zodalirika, ndiye aliyense ankangoikira kumbuyo imene anaizolowera. Ine ndinati tiyese, tione ndi maso.

Yambani ndi funso limodzi lokha. Langa linali ili: munthu amene sanakhale nawo pa msonkhano ndi kasitomala, tikamupatsa chojambula, amamvetsa zochuluka bwanji, ndipo zimamutengera mphindi zingati?

Kenako sankhani nkhani ziwiri zofanana kukula. Ine ndinatenga za bungwe la maliro, ngati amene ife Amalawi timasonkherana kuno kuti thupi lipite kumudzi, ndi za kugula tikiti ya basi yochoka ku Park Station kupita ku Blantyre. Nkhani iliyonse muijambule m'njira zonse ziwiri, zojambula zikhale 4. Apa ndiye pofunika kudekha. Ngati lamulo lakuti membala amene wadumpha miyezi itatu osasonkha salandira thandizo likuoneka mu BPMN, lionekenso mu UML, ndi mawu omwewo. Lisowe mbali imodzi, ndiye kuti mukuyesa dzanja la wojambula, osati njirayo. Ndinakhala madzulo awiri ndi pensulo, kuchonga lamulo lililonse pa mapepala onse.

Anthu muwagawe ndi maere, mayina m'chipewa. Ulendo woyamba ndinangowagawa mmene anakhalira, osazindikira kuti akuluakulu pantchito anakhala pamodzi cha kuwindo. Zotsatira zonse ndinataya, ndipo zinandiwawa. Gulu loyamba liwerenge za maliro mu UML, kenako za basi mu BPMN. Lachiwiri za maliro mu BPMN, za basi mu UML. Potero aliyense wakhudza njira zonse, ndipo palibe amene waona nkhani imodzi kawiri n'kuyankha zoloweza.

Onse muwaphunzitse njira ziwirizi nthawi yofanana, kaya mphindi 30 iliyonse. Mafunso 10 pa nkhani iliyonse akwana, mayankho ake mulembe tsiku loyesa lisanafike. Wochonga asadziwe kuti pepala ndi la gulu liti. Zonse musindikize papepala. Load shedding isakudulireni ntchito pakati.

Pomaliza, munthu aliyense ali ndi mamalikisi awiri, a UML ndi a BPMN. Anthu akakhala ochepa, ngati 12 kapena 16, gwiritsani ntchito Wilcoxon signed-rank test, njira ya masamu yoyerekezera mamalikisi awiri a anthu omwewo, imene mu pulogalamu yowerengetsera ya R ndi wilcox.test yokhala ndi paired = TRUE. Kusiyana kukapanda kuoneka, musathamangire kunena kuti njirazo n'zofanana: gulu laling'ono limabisa zambiri. Bwererani ku mapepala, muone funso limene ambiri analakwa, mupite nalo kwa awiri kapena atatu akuonetseni ndi chala pamene anasochera pa chojambulacho.