Mmene mungazindikirire nyumba za nthawi ya Georges Baussan ku Port-au-Prince

Mukamaona zithunzi za Port-au-Prince, likulu la dziko la Haiti, muziyamba ndi denga. Likakhala losongoka kwambiri, penanso lili ndi kansanja pakona, mwina mwapeza nyumba zija amati gingerbread. Mayina oti musunge ndi atatu, Georges Baussan, Léon Mathon ndi Joseph-Eugène Maximilien, anyamata a ku Haiti omwe anakaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Paris cha m'ma 1895, pobwera sanangokopera za Afalansa ayi, anazikonza kuti zigwirizane ndi kutentha kwa kwawoko.

Kenako tsikani pa khonde. Limakhala lalikulu, nthawi zina lozungulira nyumba, matabwa ake osemedwa mokongola ngati nsalu yoluka. Koma musakomedwe ndi zokongoletsazo, nzeru yeniyeni ili pa mphepo. Siling'i ndi yayitali kuti mpweya wotentha uzikwera, zitseko zazitali mbali zonse, mazenera a timatabwa topendeketsa toti dzuwa lisalowe koma mphepo izidutsa, ndiye munthu amapuma bwinobwino popanda fani.

Khoma nalonso muliyang'anitsitse. Zina ndi zamatabwa okhaokha, zina felemu yamatabwa pakati nkuikapo njerwa. Mu 1925 akuluakulu a mzindawu analetsa kumanga ndi matabwa poopa moto, ndiye mukaona yamatabwa dziwani kuti mwachidziwikire ndi yakale kuposa chaka chimenecho. Zambiri zili m'madera a mzindawu otchedwa Pacot, Turgeau ndi Bois Verna, mayina amenewa ndi omwe muziyika posaka zithunzi.

Chinthu chimodzi chokha musasokoneze. Ntchito yotchuka ya Baussan si gingerbread, ndi Palais National, nyumba ya pulezidenti yoyera ija ya madenga atatu ozungulira. Yakale inaphulika mu Ogasiti 1912 nkupha Pulezidenti Cincinnatus Leconte, panachitika mpikisano wa mapulani, Baussan anakhala wachiwiri koma yake ndi yomwe inamangidwa poti ya woyamba inali yodula. Anayamba kumanga mu 1914 nkumaliza cha mu 1920 asilikali a America ali mdzikomo. Imeneyi inali yakonkire, ndipo chivomezi cha pa 12 Januwale 2010 chinaiphwanya pomwe nyumba zambiri zamatabwa zija zinangogwedezeka nkuimabe, matabwa amapindika, konkire sadziwa zimenezo. Ndiye mukaifuna musake zithunzi zakale basi, anaigumula mu 2012.