Poulidor ndi Anquetil: mmene mungayezere kutchuka kwa katswiri wa njinga wakale

Mukafuna kudziwa chifukwa chimene dzina la katswiri wina silikuzirala pomwe anzake anaiwalika, musathamangire kuwerenga zikho. Ine ndimayesera pa anthu awiri a ku France, Jacques Anquetil ndi Raymond Poulidor.

Lembani kaye zimene aliyense anapambana, kenako pepalalo muliike pambali. Anquetil anali woyamba kutenga Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, kasanu, mu 1957 komanso kuyambira 1961 mpaka 1964. Poulidor anapikisana nawo ka 14 osapambana ndi kamodzi komwe. Anakhala wachiwiri katatu, wachitatu kasanu, ndipo jezi yachikasu imene amavala wotsogola sinamukhudze pathupi olo tsiku limodzi. Koma m'mbali mwa msewu anthu ankakuwa dzina la Poulidor.

Tsopano funani tsiku limodzi limene anthu akulikambabe. La awiriwa ndi 12 July 1964, mu Tour ya chaka chimenecho, paphiri la Puy de Dôme. Kanema wake alipo pa intaneti, ndipo mukamaonera muyang'anitsitse mapewa. Akukwera phiri atagundana, zigongono kukhulana, palibe wofuna kupatsa mnzake mpata. Chakumapeto Poulidor anamuthawa ndi masekondi 42, koma Anquetil anatsalabe ndi jezi ija ndi masekondi 14 okha. Pofika ku Paris, kumene mpikisano unathera, anasiyana ndi masekondi 55. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Anquetil ankapambana mowerengera, makamaka pampikisano wopalasa aliyense payekha molimbana ndi wotchi, ndipo masamu otere sasangalatsa munthu amene wakhala padzuwa kudikirira. Poulidor, mwana wa alimi a ku Limousin, ankavutika anthu akuona, tsoka nkumugwera anthu akuonanso.

Onaninso zaka zimene munthuyo anakhala pamaso pa anthu. Lucien Aimar anapambana Tour ya 1966, Poulidor nkukhala wachitatu. Funsani lero amene akumudziwa Aimar, muona. Poulidor atathana ndi Anquetil anakalimbana ndi Eddy Merckx, katswiri wa ku Belgium, nkukhala wachiwiri mu 1974, ndipo mu 1976 anali wachitatu ali ndi zaka 40. Atapuma ankayendabe ndi Tour chaka ndi chaka, akugwirira ntchito banki imene imathandiza jezi yachikasu, nkumapatsa anthu moni. Anquetil anamwalira msanga, mu 1987.

Musamuchepetse Poulidor pomutenga ngati wolephera ayi. Mipikisano ikuluikulu ya Milan-San Remo ya ku Italy ya 1961 ndi Vuelta ya ku Spain ya 1964 anazitenga ndi iyeyo.

Chotsala ndi kufufuza ngati pali wina wamoyo amene akulinyamula dzinalo. Poulidor anamwalira mu November 2019. Mu 2021 mdzukulu wake Mathieu van der Poel anapambana chigawo cha Tour ku Mûr-de-Bretagne nkuvala jezi yachikasu, akulira, ndipo atolankhani tsiku limenelo anayambanso kufukula za agogo ake ndi masekondi 14 aja a 1964.